Kodi Chili Moyo?

Panali mnyamata wina, dzina lake Chikaiko, amene anapita kusukulu ya zamalamulo. Kumudzi anasiya mlongo wake wamkulu, Nangondo, mayi wamasiye amene ankadyetsa ana ake ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje. Mpiru ndi tomato wa m'dimba limenelo ndi amene analera Chikaiko yemwe.

Chaka choyamba ankaphunzitsidwa ndi mayi ena ofatsa, a imvi zam'mbali. Phunziro lawo silinali la kuyankhula m'khoti. Linali la kufufuza milandu yakale m'laibulale ndi kulemba zimene wapeza. Wophunzira akabwera chothamanga ndi chigamulo chimene wachipeza, mayiwo sankafulumira kuchiwerenga. Ankayamba afunsa kuti, "Kodi chili moyo?"

Ankanena kuti mlandu umakwera. Chimene woweruza wagamula lero, khoti la apilo likhoza kuchigwetsa mawa, koma m'buku mawu aja amakhalabe ali bii ngati tsiku limene anadindidwa. Ndiye ukapeza chigamulo, uzitsata mabuku a zaka zotsatira mpaka utsimikize kuti palibe anachipha. Inali ntchito yotopetsa, ya fumbi. Ophunzira anawapatsa dzina loti Mayi Chilimoyo, ndipo wina akaodzera m'kalasi, anzake ankamugwedeza n'kumati, "Aise, uli moyo?"

Chaka chimenecho mvula inagwa yoopsa. Mtsinje unasefukira n'kusintha njira, ndipo madzi ataphwa, dimba la Nangondo linapezeka tsidya lina, kumbali ya munda wa bambo wina. Bamboyo anati malire ndi mtsinje, choncho dimbalo tsopano ndi lake.

Nangondo anaimbira foni mlongo wake.

"Achimwene, bambo aja akuti tingogawana pakati, tisafike kukhoti. Ine ndati ndifunse kaye a loya athu."

"Loya wake uti, achemwali? Ine ndangoyamba kumene."

"Nanga mabuku onsewo mumangowapukuta fumbi?"

Anaseka onse. Koma Chikaiko atadula foni, mtima unamuwawa. Anapita kulaibulale, nafufuza, nafufuza, mpaka anapeza mlandu wofanana ndi wa mlongo wake ngati mapasa. Mtsinje wosintha njira unalimo, mayi wolima unalimo. Woweruza wa nthawi imeneyo anagamula kuti nthaka imatsala ndi amene wakhala akuilima, madzi apite kumene akufuna.

Chikaiko anawerenga mawuwo. Pomwepo funso la aphunzitsi ake linamufika m'khutu. Anakweza maso n'kuona mabuku a zaka zotsatira atandandalika pashelefu. Anawayang'ana kanthawi. Kenako anati mumtima mwake, chinthu chabwino chotere sichingafe. Anatseka buku lija, natuluka.

Analemba pepala lokongola, Chingerezi chosalala, mfundo iliyonse pamalo pake, monga anaphunzitsidwira. Analitumiza kumudzi ndi mawu akuti, "Musagawane naye. Lamulo lili kumbali yathu."

Nangondo sankatha kuwerenga Chingerezi. Koma ankamukhulupirira mlongo wakeyo. Anakana theka lija, ndipo tsiku la mlandu anamanga pepalalo m'chitenje, mwana kumbuyo, ulendo wa kukhoti.

Madzulo ake foni ya Chikaiko inalira.

"Zayenda bwanji, achemwali?"

"Ati munalemba bwino, achimwene. Oweruza anena okha, pamaso pa anthu."

"Nanga dimba?"

Kunamveka mwana akulira chapatali, Nangondo akumutonthoza. Kenako anati, "Loya wa bambo aja anabwera ndi buku lina. Ati zimene munalembazo zinagwetsedwa kalekale ndi khoti lalikulu. Dimba lapita lonse." Anawonjezera kuti, "Musadandaule. Inu limbikirani sukulu. Mwadya koma?"

M'mawa mwake Mayi Chilimoyo anamupeza atakhala pansi pakati pa mashelefu, buku lili pamiyendo. Linali la apilo ija. Masiku onsewa linali pashelefu yomweyo, poti akanangotambasula dzanja.

Mayiwo sanafunse funso lawo lija. Chikaiko analiyankha yekha.

"Chinali chakufa, mayi."

"Wachinyamula ndani?"

"Achemwali anga."

Mayiwo anagwira shelefu, natsika pang'onopang'ono mpaka anakhala pansi pambali pake, pafumbi pomwepo.

Pa holide Chikaiko anapita kumudzi. Anapeza mlongo wake ali kuganyu m'munda wa eni. Ana a Nangondo anamutengera kumtsinje, namulozera tsidya lina kumene tomato anali atapsa psuu. Wamng'ono anamukoka malaya. "Malume, amayi akuti mukamaliza sukulu mudzatitengera dimba lathu. Mumaliza liti?"

Inu amene mukuyamba kuphunzira malamulo, ndimveni. Mayi aliyense amadziwa kuti mwana akagona phee, sukhutira ndi kukongola kwa nkhope yake. Umaika dzanja pachifuwa kuti umve ngati akupuma. Chitani chimodzimodzi ndi mawu amene mwawapeza m'mabuku, makamaka amene akukomerani, pakuti amenewo ndi amene dzanja limachita nawo mantha. Zimene mudzalembe adzazinyamula ndi munthu amene sangathe kuziwerenga, ndipo adzakana theka la dimba chifukwa chokhulupirira inu. Musanamupatse, tambasulani dzanja. Musamuberekese mtembo.