Chitseko Chabuluu cha a Bizwick

Kwathu ku Chonde palibe wosawadziwa a Bizwick, mmisiri uja adamanga nyumba za mabwana kuesiteti ya tiyi. Ntchito amaitha, koma makutu awo ndi ongokongoletsa mutu.

Chaka china amayi a Mvano adaumba njerwa zomangira kanyumba kothawirako akazi omenyedwa ndi amuna awo. Mtsogoleri wawo, Mayi Estele, adawakokera a Bizwick pambali.

"Bambo, khomo liloze kuseri, kunjira ya kuchitsime. Munthu azibwera ndi ndowa pamutu ngati wokatunga madzi."

"Mayi, ine ndidamangira azungu," adatero a Bizwick, maso ali pachingwe. "Chofulatira msewu n'chimbudzi, osati nyumba."

Nyumba idatuluka yosiririka, mawindo agalasi, chitseko chabuluu chopenya kumsewu. Tsono tsidya lake, patsinde pa mango, m'pamene amasewerera bawo azibambo, pafupi ndi anyamata a chipani ofunsa makadi polowera mumsika. Amenewotu ntchentche ikadutsa amadziwa kwawo. Miyezi idatha osalowamo munthu, a Bizwick n'kumati akazi a kuno ngosayamika.

Ndiye tsiku lina masana kudatulukira Lettie, mwana wawo yekhayo wa a Bizwick, wokwatiwa ndi kapitawo wa kuesiteti. Diso lotupa, khanda kumbuyo. Akuti adaima pamsewu kanthawi ndithu, akuyang'ana chitseko chija.

"Alamu, mukulowa muhotela?" adatero wina pabawo. "Tikawauze a kapitawo?"

Onse adaseka. Lettie adapitirira kumsika, kugula mchere, n'kubwerera kwa mwamunayo. Patangotha masabata awiri adathawa ndi mkono wothyoka mpaka kwa achibale ku Mozambiki. Mpaka lero ngakhale kalata.

A Bizwick adazimva kwa anthu ngati nkhani ya mlendo. M'mawa mwake adatenga hamala n'kuboola khoma la kuseri, okhaokha. Mayi Estele adawapeza fumbi lili mbuu kumaso.

"Mwachita bwino, bambo," adatero. "Ana a anzanu alowera pamenepo."

Akazi adayambadi kubwera, ndowa pamutu. Koma a Bizwick amangokhala pamsewu, kuyang'ana aliyense wotsika basi yochokera kumalire, mpaka basiyo itanyamuka. Akuluakulu adanenadi: Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.