Tsiku Limene Mvuu Anasankha Golo Lalikulu

Kalekale, ana inu, nyanja ya Chilwa isanaphunzire khalidwe louma, pa chilumba cha Chisi pankaseweredwa mpira. Akuluakulu kumbuyoko musaseke, ine ndinaliko. Ndinasambira kuchokera ku Kachulu ndi dzanja limodzi, linalo nditanyamula fodya wanga kuti asanyowe.

Unali mpikisano wa chipulula. Wagonja, kwera bwato, kwanu. Timu iliyonse inkabwera ndi dengu la chakudya, ndipo yogonja inkasiya dengulo kwa yopambana. Chikho chinali m'manja mwa Mvuu, kaputeni komanso goloboyi wa timu ya Zimphona.

Ankapambana bwanji? Tamverani. Masiku amenewo zoyezera kunalibe. Kaputeni aliyense ankayeza golo limodzi ndi mapazi ake, mapazi khumi, n'kuzika nsungwi uku ndi uku. Akatha kuyeza, mwini chikho ndiye ankasankha mbali. Mvuu akatang'adza, di! di! di! golo lake linkakhala ngati dambo. Mnzakeyo akayeza, kagolo. Mvuu n'kusankha kagoloko, n'kukhala pakati, thapsa! Ngakhale udzudzu kuti udutse unkachita kupempha njira.

Nanga kusinthana mbali pa theka la masewero? Mvuu ankakana. "Zimenezo n'za anthu opanda mimba. Ine ndikakhala, ndakhala."

Anabwera Anyani a ku Chikala. Anagonja, nasiya nthochi. Mvuu anameza, psiti! Anabwera Abakha a ku Kachulu. Anagonja, nasiya mapira. Mvuu anameza, psiti! Anabwera Anungu a ku Chinguma, anaphulitsa mipira itatu ndi minga yawo, koma nawonso anagonja. Chinangwa chawo Mvuu anameza ndi dengu lomwe, psiti! Mbewa za pachilumba pompo ndiye musachite kufunsa.

Mbali inayo kunali katimu ka Nkhanu, kochokera kumatope a ku Mposa. Amenewa ankayang'ana kutsogolo koma kuthamangira chambali, ndiye adani awo ankangogundana mitu. Pang'onopang'ono, mpaka anafika mu ndime yotsiriza. Koma kwawo chaka chimenecho kunali njala. M'dengu lawo munali mpunga wa mbewu, wotsiriza m'mudzi monse.

Litatsala tsiku limodzi, mkazi wa kaputeni Nkhanu, dzina lake Nangozo, anakhala pafupi ndi dengu lija manja ali m'masaya.

"Bambo a ana, mpirawu mwaukonda, chabwino. Koma mbewuyi ikalowa m'mimba muja, mvula ikagwa tidzala chiyani? Zigoli?"

"Amayi, mtima pansi."

"Mtima pansi! Inu msinkhu wanu wonse ndi chala chimodzi cha Mvuu."

Nkhanu anatulutsa maso, tong'o! Anawabweza. Anawatulutsanso, tong'o! "Amayi a Mbewa aja, amene amaotcha mondokwa padoko, mumayankhulana nawo?"

"Kwambiri. Amuna awo anadyeredwa mtedza wonse."

"Kawapempheni. Mawa asaotchere padoko. Adikire Mvuu ayeze golo lake, akayatse moto kuseri kwa golo limenelo. Akupize kwambiri."

Kutacha, chilumba chinadzaza mpaka chinapendekeka. Ine ndinachita kuponda mbali inayo kuti chiwongoke. Woyimbira mpira anali Kakowa, atavala zoyera zokhazokha, wenzulo wa bango ali kukamwa.

"Makaputeni, yezani!"

Nkhanu anaomba m'manja mwaulemu. "Akuluakulu, yambani ndinu. Koma musadzipweteke. Ng'ona amatiuza dzulo kuti miyendo yanu yayamba kufupika ndi ukalamba."

"Wati chiyani Ng'ona?"

Ng'ona, amene ankasewera kumbuyo mu timu ya Zimphona, anati, "Sindinanene ine, bwana!"

"Taona, kachigoba iwe!" Mvuu anatang'adza, di! di! di! Khumi. Ana inu, golo limenelo! Nsungwi ina kunali dzuwa, inayo kukugwa mvula. Munthu ukaima pa nsungwi iyi n'kuitana mnzako pa inayo, yankho linkafika mawa.

Nkhanu naye anayeza lake, nyang'a nyang'a nyang'a, mapazi khumi a nkhanu. Kagolo kake kanachepa kuposa mpira womwe.

Nthawi yomweyo kuseri kwa golo lalikulu kunafuka utsi, tolo! Amayi a Mbewa akukupiza, phe phe phe. Mondokwa ukuthetheka, the! the! Fungo linadutsa bwalo lonse, n'kukalowa m'mphuno mwa Mvuu ngati kwawo. Ndipo Mvuu anali asanadye kanthu chimalizireni kadzutsa wachitatu.

Kakowa anafunsa, "Eni chikho, mwasankha mbali iti?"

Mvuu anayang'ana kagolo. Mimba inati gudu. Anayang'ana utsi. Mimba inati gudugudu!

"Uko!"

Ng'ona analumpha. "Bwana, ndi golo lalikulu limenelo!"

"Khala chete, wamano iwe. Ukuganiza sindikuliona? Ndingolawako ziwiri. Pa theka tisinthana."

"Mwati uko?" anafunsanso Kakowa, kuti aliyense amve.

"Ndati uko! Kodi m'makutu mwako muli nthenga?"

Pyeee! Mpira unayamba.

Mvuu anathamangira kugolo, natembenuzira msana kubwalo, nayamba kukukuta. Nkhanu anayang'ana Njati wa Zimphona m'maso, napita chambali. Njati anagunda Ng'ona, gu! Nkhanu anakankha mpira, gubudu gubudu, mpaka mkati.

"Chalowa!"

Mvuu anacheuka, chitsononkho chili kukamwa. "Chalowera kuti? Ine ndili pano!"

"Chalowera kumvula uko, bwana," anatero Ng'ona.

Mvuu anathamangira kumvula. Chinalowera kudzuwa. Anabwerera kudzuwa, wefuwefu, chinalowera kumvula. Akadutsa pakati, amayi a Mbewa n'kumuitana, "Achimwene, chapsa china!" Iye n'kuima. Chalowa!

Zimphona zinakwiya. Njati anatenga mpira, nabalalitsa Nkhanu zonse ngati mankhusu, naumenya ndi mphamvu zake zonse, phuu! Mpira unafika pa kagolo kaja n'kukanirira pakati pa nsungwi, kakaka! Goloboyi wa Nkhanu anali khale kuseri kwake, akutokosa m'mano.

"Chigoli!" anakuwa Njati.

Kakowa anafika, napinda khosi, nayang'ana uku, nayang'ana uko. "Sunalowe."

Njati anamenyanso. Kakaka! "Sunalowe." Anamenya kachitatu mpaka chiboda chinang'ambika. "Sunalowe."

Pyeee! Theka. Mvuu anabwera thukuta lili kamukamu, njere za chimanga zili mbuu kumlomo.

"Basi, tisinthane mbali."

"Tisinthane chiyani?" anafunsa Kakowa.

"Mbali! Ndi lamulo la mpira!"

Nkhanu anaombanso m'manja. "Pepani akuluakulu, ife sitingakuvutitseni choncho. Kusinthana n'kwa anthu opanda mimba."

Anyani, Abakha, Anungu, onse amene anabweranso kudzaonerera ndi njala zawo, anayamba kuimba akuvina: "Mukakhala, mwakhala! Mukakhala, mwakhala!" Nangozo ndiye ankatsogolera nyimbo, atakhalira dengu la mpunga.

Mvuu anatsegula kukamwa mpaka ndinaona nthochi za Anyani zija m'kati. Pyeee! Anabwerera kudambo lake.

Zigoli za theka lachiwiri musandifunse. Kakowa anawerenga ndi zala zake, zinatha. Anabwereka miyendo ya Bongololo, nayonso inatha. Wenzulo womaliza utalira, Mvuu anali chigonere pakati pa golo, mondokwa watha, mpweya watha.

Kakowa anapereka chikho kwa Nkhanu. "Tsopano ogonja, dengu lanu."

Ng'ona analibweretsa akuyang'ana kumbali. Atavundukula, munali mbee!

"Chakudya chili kuti?"

"A Mvuu anadya ali m'njira, bwana woyimbira. Anati sitingagonje."

Nangozo anaseka mpaka anagwa chagada. "Lisiyeni dengulo, tikakololeramo!" Nkhanu zinasenza mbewu yawo, zinasenza chikho, zinasenza ndi dengu lopanda kanthu, ulendo wa ku Mposa, chambalichambali. Mvula itagwa anadzala, ndipo mpunga wake unatalika mpaka tinkakolola titakwera makwerero.

Mvuu naye anakwera bwato la ogonja. Bwato linati phwa! N'kumira. Khamu lonse linali padoko likuseka, ndiye iye anaona kuti kuli bwino angokhala momwemo. Mpaka lero amangotulutsa maso ndi mphuno, kuona ngati anthu aja anabalalika.

Nthano yanga yakocheza pamenepa, tsikani. Koma inu a mimba zazikulu, mukaitanidwa kokasankha zinthu, muziyamba mwadya kunyumba.