Kabowo ka Ngodya Zinayi

Pakhomo pa mphunzitsi wina wopuma ntchito pankaima galimoto yakale, yosuluka penti koma yosamalidwa ngati mwana. Mayi a m'nyumbamo maso anali atachita ng'ala, ndipo dokotala wa maso, amene ankabwera kamodzi pa miyezi inayi ku chipatala chakutali, anawalembera tsiku la opaleshoni. Kutatsala tsiku limodzi, galimoto ija inayamba kukukuta mano ikamalowa giya yachitatu.

Ntchitoyo anailumphira mkamwini, mwamuna wa mwana wawo woyamba. Anali munthu wa mtima wabwino, wogwira ntchito ya muofesi, koma anthu anamupatsa dzina loti a Ndikudziwa, chifukwa mawu amenewo ankatuluka mnzawo asanamalize kulankhula.

"Ndi oyilo wa m'giyabokosi ameneyu, apongozi. Watha mphamvu. Madzi a tiyi asanawire ndikhala nditamaliza."

"Bwanji tidikire mlamu wanu abwere masana?" anatero bambo aja. Ankanena mzime wawo, mtsikana wowotcherera zitsulo kumsika.

"Uja amadziwa zitseko ndi mawindo. Galimoto ndi nkhani ina."

A Ndikudziwa anakweza galimoto ndi jeke, nayala katoni, nalowa kunsi chagada. Giyabokosi ili ndi zotsekera ziwiri: cha pansi chotulutsira oyilo wakale, ndi cha m'mbali chothirira watsopano. Cha pansi chinamvera sipanala osavuta, oyilo wakuda bii nachucha yense m'beseni. Atafika pa cha m'mbali, mluzu umene ankaimba unazima. Chinalibe mutu woti sipanala igwire. Chinali chophwatalala, chili ndi kabowo pakati. Oyilo anali atatuluka, pothirira pali potseka, ndipo galimoto yopanda oyilo m'giyabokosi siyenda ulendo.

Apa munthu wina akanatuluka n'kufunsa. Iwo analowetsa sikuludiraiva m'kabowo kaja, inapindika. Anapana ndi pulayala, inaterereka n'kuwasenda zala. Kenako anaitanitsa hamala ndi tchizulo, nayamba kukhoma m'mphepete mwa chotsekera chija.

"Kodi kunjako mukukonza galimoto kapena mukuswa miyala?" anafunsa mayi aja ali pakhonde.

Palibe amene anaseka. Bambo aja anangogwira chibwano.

Mzime anafika dzuwa lili paliwombo, ovolosi ili ndi mabowo a moto m'manja monse. Anamva kulira kwa chitsulo akadali pageti, nathamanga.

"Alamu, hamalayo pansi! Chitsulo cha giyabokosi n'chosalimba ngati mbale yadothi. Chikang'aluka, amayi muwabereka kumsana mpaka kuchipatala."

"Chachita dzimbiri, mlamu. Ndikudziwa."

"Tatulukani kaye mupume."

Mzime analowa kunsi yekha, m'manja muli msomali ndi kansanza basi. Anayamba kukolokosa m'kabowo kaja pang'onopang'ono. Munali matope a zaka zambiri, ouma gwa. Anakolokosa, napukuta, nauzira, nakolokosanso. Kabowo kamene kankaoneka kosaya ndi kozungulira kanapezeka kuti n'kakuya, ka ngodya zinayi. Tchizulo inali itaphwanya kukamwa kokha, mkati munali mwabwinobwino.

"Achemwali, tandipatseni kachidutswa ka sopo," anauza mkulu wake, mkazi wa a Ndikudziwa.

Anakanikiza sopoyo m'kabowo, namutulutsa mosamala. Anatuluka ataumbika ndendende ngati kabowo kaja. Anamukulunga m'kapepala, nauyamba wa kumsika.

M'sitolo yoyamba ya zida munali makiyi omasulira zotsekera zotere, koma a ngodya zisanu ndi imodzi okhaokha. M'sitolo yachiwiri anapeza ya ngodya zinayi, koma atailinga ndi sopo uja inachepa. Wogulitsa anati, "Tengani yomweyo mayi, igwira."

"Ikhwepa," anayankha mtsikanayo, "ndipo ikakhwepa idya ngodya zotsalazo."

Anapita pamalo pake pa ntchito, nafufuza m'mulu wa zitsulo mpaka anapeza bawuti yolimba ya lole. Anaipana m'vayisi, natenga tupa n'kuyamba kuipala kuti ikhale ya ngodya zinayi. Mbali imodzi, kuyesa ndi sopo. Mbali ina, kuyesanso. Thukuta linkagwera pa tupa. Atabwerera nayo kunyumba, bawuti ija inakana kulowa. Inakula pang'ono chabe, mwina ngati chikhadabo.

Zithunzithunzi zinali zitayamba kutalika. Mkulu wake wa mtsikanayo ankangozungulira pabwalo manja ali kumutu. A Ndikudziwa anatolanso hamala.

"Kungoimenya kamodzi kokha ilowa imeneyo."

"Apongozi," anatero bambo aja ndi mawu otsika, "m'mawa wonse unali wanu. Msiyeni mwana."

Mzime anabwereranso kumsika wapansi, nakapala pang'ono, nabweranso. Ulendo uno bawuti inalowa n'kukhazikika ngati inabadwira momwemo. Anakoleka sipanala kumutu kwake, naonjezera mpaipi kuti dzanja litalike. Sanagwedeze. Anangokoka mokhazikika, mano ali gwa, mapazi atatsamira tayala.

Kunamveka kuti kha! Chotsekera chinatembenuka.

"Chatseguka?" anafunsa mayi aja.

"Chatseguka, amayi ake!" Bambo aja, munthu amene anaphunzitsa zaka makumi atatu osakweza mawu, anakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda. "Bwerani mudzaone! Chimene masitolo awiri alibe, mwana wanga wachisula ndi manja ake!"

A Ndikudziwa anaima kanthawi akuyang'ana zala zawo zosendeka. Kenako anagwada pafupi ndi tayala.

"Mlamu, oyiloyu amathira mpaka pati?"

"Mpaka ayambe kubwerera pakabowo. Gwirani fanulo, alamu, ndikuonetseni."

Anathira oyilo watsopano awiriwo, natseka, nayendetsa galimoto kuzungulira mseu wa kuseri. Giya yachitatu inalowa mwakachetechete. M'mawa mwake mayi aja anafika kuchipatala dzina lawo lisanaitanidwe.

Bambo aja nkhaniyi satopa nayo. Mlendo aliyense amaimva, ndipo pofika pa sopo amaimirira kuti aonetse bwino mmene mwana wawo anakanikizira. Amati ana ambiri anawaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, koma kuyang'anitsitsa chinthu usanachikhudze anakuona kwa mzime wawo, tsiku limene hamala inalephera ndipo msomali ndi tupa zinapambana. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.