Apenti Akometsera Kanema wa Ukwati

Loweruka pa 9 Ogasiti, asewere, amayi a mkamwini, anatuluka m'nyumba ya Apenti osatsanzika. Mlandu unali wa chithunzi.

Dzina la Apenti linachokera ku ntchito: moyo wawo wonse anali wopenta nyumba, ndipo malo opanda utoto ankawayabwa ngati chitedze. Lachisanu, dzulo lake, mkamwini wawo anabwera ndi chingwe nalumikiza kompyuta ku TV ya pabalaza, kuti mabanja awiriwo adzaonere limodzi kanema wa ukwati wa ana awo. Chichitikire ukwatiwo, amayi a mkamwini anali asanapondepo pakhomopo. Ankadandaula kuti tsikulo anawakhazika kumbuyo ngati alendo wamba. Ulendo wa Lowerukawu unali wozimitsa moto umenewo.

Chithunzi chinatuluka bwino, koma kumanja ndi kumanzere kunatsala mizere yakuda.

"Nanga m'mbalimu osamaliza bwanji?" anafunsa Apenti.

"Ndi mmene anajambulira, bambo. Zisiyeni choncho," anatero mkamwini, nanyamuka.

Loweruka m'mawa Apenti anakhala pampando rimoti ili m'manja. Anaimitsa kanema poyambira penipeni, pamene pankaoneka khoma la holo ndi maluwa, popanda munthu. Anapeza potambasulira chithunzi, mizere ija n'kuzimirira, TV yonse thoo. Mtima unakhala pansi, koma chala ayi. Anawonjezera utoto, maluwa n'kupsa. Anawonjezera kuwala. Anapezanso ponolera chithunzi, nakankha mpaka kumapeto, khoma n'kuonetsa timing'alu tonse.

Akazi awo anasuzumira pakhomo. "Abambo, khomalo lakoma, tamva. Koma anthu ake mwawaona?"

"Mayi, ine ndapenta nyumba zosanja. Kabokosi aka kandiphunzitse chiyani?"

Masana alendo anafika. Asewere aakazi, mayi wamtali, wowonda, wodzisamala, anakhala kutsogolo, pampando wabwino kuposa yonse. Kanema anayamba. Khoma linayamikiridwa ndi aliyense, Apenti n'kumagwedeza mutu ngati analipenta okha.

Kenako pa TV panalowa asewerewo. Analowa ngati kabati. M'lifupi anadzaza khomo la holo, nkhope ili psuu ngati njerwa yootcha, makwinya ali ngati mizere ya m'munda.

Amuna a asewerewo ndiwo anayamba kugwedezeka mapewa ndi kuseka. "Mayi, kodi ku ukwati kunabwera akulu anu osandiuza?"

"Sekani, muli ndi mano," anatero mayiwo. Anatembenukira kwa Apenti. "Asewere, kundikhazika kumbuyo sikunakwane? Mwandiitanira kudzandionetsa kwa ana anga ndili ngati thumba la makala?"

"Ayi, asewere, ndi utoto chabe. Tiuchepetsa pompano."

Apenti anadinadina rimoti thukuta lili kamukamu. Chithunzi chinakula, mphuno ya asewere n'kudzaza TV yonse, n'kuima pomwepo. Mkamwini anathamanga kukazula chingwe, koma mayi ake anali atatola kale kachikwama.

Kukonza zonsezo sikunamutengere mkamwini nthawi. Mizere yakuda inabwerera m'malo mwake, anthu n'kubwerera m'matupi awo. Mwana wamkazi wa Apenti wapitako kangapo kwa apongozi ake kukapepesa. Yankho n'limodzi: adzabwera akadzaonda. Mpaka lero sanabwere, ndipo kanema wokonzedwayo sanamuone.

Akulu anaiona kale nkhani ya chala chosadziwa polekera: ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada.