Khosi la Nsato Lithera Pati?

Kalekale, Fisi akadali ndi msana wowongoka ngati wa galu, kunali Msulu amene ankalera ana ake m'chulu. Tsiku lina m'mawa, m'nyengo yachisanu, anapeza Fisi atakhala pakhomo pa una wake, dovu lili chuchuchu.

"Mlamu, ndadzuka ndi njala," anatero Fisi. "Undipezere nyama, apo ayi ndifukula tiana takoti."

Msulu anachita mantha zedi. Koma anakumbukira Nsato imene inkagona pathanthwe. Ankadziwa kuti Nsato ikazizidwa imangoti zii ngati yakufa, mpaka thupi litafunda.

"Nyama ilipo, alamu. Nsato yafa pathanthwe apo. Koma wotola samanidwa. Mutu, khosi, chifuwa, mimba ndi chiuno n'zanu. Ine mchira wokha."

Atafika, Fisi anaigunda ndi phazi. Zii. Msulu analoza kumbuyo kwa mutu wa Nsato.

"Mchira wanga ukuyambira apa."

"Wapenga kodi? Limenelo ndi khosi!"

"Nanga khosilo lithera pati, alamu?"

Fisi analowera kumutu, analowera kumchira. Anafuna phewa, phewa palibe. Anafuna mchombo, mchombo palibe.

"Thupi timaliyeza ndi thupi linzake," anatero Msulu. "Izengeni pa inu. Chofika pakhosi panu ndi khosi, chofika pachifuwa ndi chifuwa. Chotsala lende ndiye mchira wanga."

Ana inu, dyera lilibe maso. Fisi anazenga Nsato pakhosi kawiri.

"Langa ndi lalitali," anatero.

Anazenganso pachifuwa, anazenganso pamimba. Pofika m'chiuno anangokulunga yonse yotsala, kulunge kulunge, mpaka kunatsala kansonga ngati chala cha mwana.

"Wako ndi umenewo. Hi hi hi!"

"Ha, alamu, mwandidyera masuku pamutu!" Msulu ananamizira kulira. "Taimani choncho dzuwa liwale bwino, ndione ngati mwayezadi molungama."

Fisi anaima monyada, atavala nyama yake. Dzuwa linawomba kunja, thupi la Fisi linafunditsa Nsato m'kati. Kansonga kaja kanayamba kuti gwede gwede. Msulu anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Alamu, gawo langa likugwedezeka. Lanu bwanji?"

Fisi asanayankhe, Nsato inamanga kuti nga! Inafinya kwambiri m'chiuno muja, mmene anakulunga mowirikiza. Mnofu wonse wakumbuyo unathawira kuchifuwa ndi m'mapewa.

"Mayo ine! Mlamu, tenga yonse! Yonseyi ndi mchira!"

"Iyayi, alamu, za eni sinditenga."

Fisi anagubuduka m'minga, anagubuduka m'miyala, mpaka Nsato inatopa naye n'kumulekerera. Anathawa chokwawa, osayang'ananso kuchulu. Msulu anathamangira kwawo, anakumbatira ana ake, n'kuseka mpaka misozi.

Kuyambira tsiku limenelo Fisi kutsogolo ndi chimphona, kumbuyo ndi kamwana. Akamadutsa pafupi ndi chulu, tiana ta Msulu timasuzumira pa una n'kufuula kuti, "Amalume, chiuno chanu chiyambira pati?"

Nthano yanga yathera pamenepa, kaphuleni mbatata isanapserere. Koma pogawana, wofuna kumutu ndi kumchira komwe ayambe waona ngati mbatatayo sikupuma.