Alowe Ndani kwa Kaputeni Chidzanja?

Kalekale, koma osati kale la makolo, ndege zitazolowera kale kutera ku Lumbadzi, kunali woyendetsa ndege dzina lake Lufeyo Chidzanja. Ankaulutsa kandege ka anthu khumi ndi awiri, konyamula alendo okaona nyama zakutchire. Mkazi wake anali Nangondo, mayi wosachulutsa mawu, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, Sungeni.

Tsiku lina Lufeyo ali m'mlengalenga, Sungeni anakomoka ndi malungo. Pamene bambo ake ankatera, n'kuti anamwino atamuphimba kale kumaso. Pamaliro Lufeyo sanagwetse msozi, ndipo anthu anamuyamikira kuti ndi mwamuna. Patatha milungu iwiri anavala yunifolomu n'kubwerera kuntchito.

Nangondo yekha ndiye ankaona. Ankaona chakudya chikubwerera kukhitchini monga chinapitira. Ankaona maso ofiira m'mawa uliwonse, ndi mwamuna wake ataima kubafa, mpopi ukutaya madzi, iye akungoyang'ana khoma.

"Bambo a Sungeni, tiyeni kuchipatala," anatero tsiku lina.

"Dzina limenelo musandiitanenso nalo," anayankha Lufeyo. "Ndipo za chipatala muiwale. Dokotala akangolemba liwu limodzi m'buku langa, ndege ndatsanzikana nayo."

Sankanama. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ankayenera kupimidwa ndi dokotala wosankhidwa ndi akuluakulu a zandege. Pa fomu panali funso lakuti: kodi mwakhalapo ndi vuto la maganizo, kusowa tulo, kapena kumwa mankhwala aliwonse? Dokotalayo akapanda kusaina, laisensi inali pepala chabe. Onse pabwalo la ndege ankakumbukira kaputeni wina amene anayankha kuti inde, nadikira makalata zaka zitatu, mpaka anakayamba kuweta nkhuku.

Woyamba kuchitapo kanthu anali Nangondo. Anakwera minibasi kupita kukachipatala kena ku Mchinji kumene sankadziwika, atatenga buku lake la kuchipatala. Kumeneko anafotokoza matenda a mwamuna wake ngati ake. "Sindigona. Chakudya sichilowa. Nthawi zina ndimalakalaka ndikanapanda kudzuka." Anadabwa kuti mawuwo ankatuluka mosavuta. Anamupatsa mapiritsi ochepetsa nkhawa ndi ogonetsa, nawalemba m'dzina lake. Kunyumba Nangondo anawaika m'dzanja la Lufeyo. Lufeyo anagona tulo koyamba m'miyezi itatu, ndipo m'mawa mwake anapempha phala.

Wachiwiri anali Bizwick Kaponda, mnzake wokhala naye pampando wakutsogolo m'ndege. M'mawa wina akutera pakabwalo kafumbi, mankhwala akadalemera m'mutu mwa Lufeyo, ndege inatsika molunjika nsonga za mitengo. Bizwick anamuitana kawiri, iye duu. Kachitatu anagwira yekha chiwongolero nafuula kuti, "Ndaitenga!" Alendo anawomba m'manja potera, osadziwa kuti imfa yawanunkhiza. Lamulo linkati Bizwick alembe lipoti tsiku lomwelo. Iye m'malo mwake anapita kwa Nangondo.

"Alamu, ine sindilemba," anatero ataima pakhonde. "Munthu wangoika mwana kumene, ine ndimukumbirenso manda ake?"

Kuyambira pamenepo ndege ankaiteretsa ndi Bizwick, koma m'buku la maulendo ankalemba dzina la Lufeyo.

Wachitatu anali Dokotala Mlenga, mayi wachikulire amene anamupima Lufeyo kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pamaliro a Sungeni anakhala nawo pamphasa. Tsiku lopimidwa litafika, anaona kuti pa funso lija pachongedwa ayi. Anaonanso lamba wobooledwa mabowo awiri atsopano, ndi zikope zolemera.

"Lufeyo mwana wanga, aka n'kachitatu ndikukufunsa. Uli bwino?"

"Ndili bwino, adokotala."

Dokotala anatumiza mkodzo wake kukayezedwa, ndipo mankhwala ogonetsa anapezeka. Nangondo atamva anathamangira kuofesi kwake nagwada pansi.

"Wolakwa ndine, amayi. Ndinamupatsa ndine. Chonde sainani. Ndege ndicho chokha chatsala chomudzutsa m'mawa."

"Ndikudziwa," anatero Dokotala Mlenga, akumudzutsa ndi manja onse awiri. "Koma kumbuyo kwa mpando wake kumakhala ana a anthu ena. Iwonso ali ndi amayi awo."

Sanasaine. Analemba zimene anapeza, nawonjezera mawu opempha kuti munthuyu achitiridwe chifundo. Akuluakulu anaitanitsa onse, ndipo Bizwick atapanikizidwa anaulula za mitengo ija, naimitsidwa ntchito. Kwa Lufeyo akuluakuluwo anati: mukananena zoona tikanakuimitsani kwa kanthawi mpaka muchire, koma poti munalemba ayi, laisensi talanda. Sanamufunse n'komwe za Sungeni.

Lufeyo anabwerera kunyumba, napinda yunifolomu bwinobwino, nasiya kulankhula. Ndege ikamadutsa pamwamba pa denga ankalowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Masana ena amayi ochokera kotola nkhuni anamupeza atakhala pakati pa njanji, manja atasanjika pamaondo. Anamukoka movutikira, ndipo achibale anapita naye kuchipatala cha odwala maganizo.

Lamlungu lachitatu, nthawi yoona odwala, atatu aja anapezana pabenchi limodzi popanda kupangana. Nangondo anakhala pakati, atafungata kabasiketi ka nthochi. Ankafunitsitsa kuona nkhope ya mwamuna wake, popeza chilowereni m'chipatalamo Lufeyo anali atakana kawiri kumuona.

"Ndikanalemba tsiku la mitengo lija, bwenzi laisensi ikadalipo," anatero Bizwick, akuyang'ana nsapato zake.

"Ndikanasaina, bwenzi lero akuuluka," anatero dokotala. "Kapena bwenzi tikulira maliro khumi ndi anayi. Sindidziwa."

Nangondo anafungatitsa kabasiketi kake. Mumtima ankati popanda mapiritsi aja mwamuna wake akanafa kalekale, komanso ndi mapiritsi omwewo amene anatsala pang'ono kupha ndege yonse.

Kenaka namwino anatuluka, nawayang'ana mmodzimmodzi mochita manyazi.

"A Chidzanja alankhula lero, koyamba," anatero. "Ndawauza kuti kwabwera anthu atatu, ndawatchulira mayina. Akuti alowe mmodzi yekha, amene sanawapereke. Ena awiriwo akuti asadzabwerenso."

"Ndiye ati alowe ndani?" anafunsa Nangondo.

"Sanatchule dzina, mayi. Ndafunsa kawiri. Angotembenukira kukhoma."

Namwino anasiya chitseko chotsekula pang'ono nabwerera m'kati. Nangondo anayang'ana chitsekocho. Bizwick anakhosomola, nayang'ana dokotala. Dokotala anayang'ana Nangondo. Anthu ena odzaona odwala ankalowa ndi kutuluka, ndipo mlonda anayamba kuyendayenda ndi belu lake, pakuti nthawi inatsala yochepa.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, weruzani. Mkazi anamubisa kuti agone tulo, nanamiza chipatala. Mnzake anamubisa kuti asachotsedwe, naika miyoyo ya alendo pachiswe. Dokotala anakana kumubisa, namulanda chokha chimene chinkamudzutsa. Belu lisanalire, ndani mwa atatuwa aimirire pabenchipo n'kukankha chitseko?