Mlembi Amene Anatseka Fomu Pakamwa

Panali munthu wina, mlembi pa chipatala chaching'ono chakumudzi, amene ankalembetsa odwala ng'ala pa fomu ya pa intaneti. Madokotala a maso ankabwera kamodzi pachaka, ndipo tsiku lawo linkadziwika kudzera mu uthenga wa pafoni wopita kwa olembetsa okha.

Fomuyo inkafufuza zimene munthu walemba. Nambala ya foni ikaperewera, inkakana ndi zilembo zofiira. Malo a tsiku lobadwa akatsala opanda kanthu, inkakananso. Kufufuza kulikonse kunali ndi batani lake loyatsira ndi kuzimitsira, ndipo pansi panali batani lalikulu lozimitsa zonse pamodzi.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wokalamba, a Nasibeko, akufufuza njira ndi ndodo. Chiphaso analibe. Mlembi anawafunsa tsiku lobadwa.

"Mwananga, mayi anga ankati ndinabadwa chaka cha dzombe, chimanga chikumasula ngayaye. Zina sindidziwa."

Fomu inakana. Mlembi anayesanso, inakana. Mzere unali utafika pa mjigo panja, anthu akung'ung'udza. Mlembi anatsonya.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Batani la tsiku lobadwa linali pomwepo, pafupi ndi chala chake! Akanazimitsa limenelo lokha, n'kuliyatsanso mayiwo akachoka. Koma ayi, mkulu ameneyu anadina lalikulu lija. Fulumira adadya gaga.

A Nasibeko anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kapepala kolembedwa nambala ya mkamwini wawo. Mlembi anaikopera mothamanga, nalumpha nambala imodzi. Fomu, poti inali itatsekedwa pakamwa, inangolandira. Ntchito inayenda ngati madzi tsiku limenelo, mpaka mlembi anadzitama kwa anamwino kuti wachiritsa makina a makani. Kuyatsanso sanakumbuke n'komwe.

Madokotala anabwera, anakhala masiku atatu, anapita.

Sabata yotsatira a Nasibeko anafika pa zenera lomwe lija. Anali atamva za madokotala aja kwa mnzawo wa kumvano, amene tsopano ankalowetsa yekha ulusi pa singano.

"Mwananga, anzanga akuona. Uthenga wanga unapita kwa yani?"

Mlembi anatsegula dzina lawo n'kuwerenga manambala ndi chala. Anapeza asanu ndi anayi m'malo mwa khumi. Uthengawo sunapite kwa munthu aliyense. Mayiwo anatembenuka, ndodo patsogolo, kukadikira chaka china mumdima.

Tsono inu ophunzira anga amene mukuphunzira kupanga mafomu, ndatopa kuona ntchito zanu. Fomu ikangokukanani kamodzi, mumazimitsa zonse kuti muweruke msanga. Sindikuti musamazimitse, pakuti alipo anthu amene lamulo la fomu silingawakwane. Koma zimitsani chokhacho chimene chatsekera munthu njira, ndipo muchiyatsenso musanaimirire pampando. Inu zilembo zofiira zimakuchedwetsani mphindi imodzi. Wina uko zikasowa, amalipira ndi maso ake.